Tikiti ya ku Norway

Lena anali mtsikana wa ku Madumabisa. Madumabisa ndi komboni ya anthu okumba malasha ku Wanki. Lena ankafuna chinthu chimodzi. Sankafuna nsapato. Sankafuna diresi. Ankafuna kuti abambo ake atuluke m'chipinda.

Abambo ake anali a Laiton. Lena ankawaitana kuti Ababa. Ababa ankakumba malasha. Ankapita kumgodi ndi mnzawo, a Jose. Ankapita limodzi. Ankabwera limodzi. Onse ankabwera ali bii ndi fumbi. Mano okha ndiwo ankayera.

"Iwe Lena, bambo ako ndi uti apa?" ankafunsa a Jose.

Lena ankaloza a Jose dala.

"Basi, mwana uyu ndi wanga!" ankatero a Jose. "Laiton, kafune wina!"

Onse ankaseka.

Tsiku lina, m'nyengo yozizira, Ababa anadwala malungo. Sanapite kuntchito. A Jose anapita okha. M'mawa womwewo nthaka inagwedezeka. Makapu anagwa pansi. Agalu anauwa. Utsi wakuda unatuluka kumgodi.

Anthu onse anathamangira kumeneko. Ababa nawonso anapita kukakumba, malungo ali m'thupi. Anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Amuna ambiri sanatuluke. A Jose sanatuluke. Pomaliza khomo la mgodi linatsekedwa. Anthu aja anatsala pansi pa nthaka.

Ababa anabwerera kunyumba. Analowa m'chipinda. Anaphimba zenera ndi bulangeti. Anatseka chitseko.

"Jose ali mumdima," anatero. "Ine ndikhala bwanji padzuwa?"

Sanalankhulenso.

Amayi a Lena anali a Eldah. Iwo ankaphika tsiku lililonse. Ankalowetsa mbale m'chipinda. Mbale inkalowa yodzaza. Inkatuluka yodzaza. Nthawi zina pankachoka pang'ono chabe, ngati padya mbewa.

Lena ankakhala pachitseko. Ankamvetsera. Ankamva chifuwa chokha.

Loweruka lina Amayi anamanga mbatata m'kansalu.

"Kapereke kwa malume ako," anatero. "Usasewere panjira."

Malume Obedi anali mlongo wa Amayi. Ankagwira ntchito kunjanji, ku Thomson Junction. Ankasesa ndi kunyamula katundu. Koma ankayenda ngati sitima zonse ndi zawo.

Lena atafika, sitima ya anthu inali itaima. Inkamwa madzi. Mazenera ake onse anali otsegula. Lena anayang'ana mazenerawo. Anawakonda. Kwawo zenera linali lophimba.

Pazenera lina panali mayi wachizungu. Tsitsi lake linali ngati ndevu za chimanga. Mayiyo anakweza dzanja. Lena anabisala kumbuyo kwa malume.

"Usaope," anatero malume. "Ine Chingerezi ndimachidziwa ndi mchira womwe."

Malume analankhula ndi mayiyo. Anagwiritsa pakamwa pang'ono. Anagwiritsa manja kwambiri.

"Akuti achokera ku Norway," anatero malume.

"Ndi kutali?" anafunsa Lena.

"Kutali zedi. Kuposa ku Bulawayo. Kuposa ku Malawi."

"Ndiye akukagwira ntchito kuti?"

Lena anafunsa bwino. Ku Madumabisa aliyense anachokera kutali. Aliyense anadzera ntchito. Ababa anachoka ku Malawi wapansi. Anadzera ntchito. A Jose anadzeranso ntchito. Ulendo wopanda ntchito Lena sanaumvepo.

Malume anafunsa. Mayi uja anaseka.

"Akuti sakufuna ntchito," anatero malume. "Akukaona mathithi a Zambezi."

"Akawaona atani nawo?"

"Angowaona basi."

"Osatungako?"

"Osatungako."

"Kungoona?"

"Kungoona. Kenako azipita kwawo."

Lena anadabwa. Anaiwala mantha. Anayandikira zenera.

Mayi uja anamuyang'ana. Anasowa pang'ono. Anabweranso ndi kathumba kansalu. Anakapereka kwa Lena. Analankhula mawu ambiri.

"Akuti muli kwawo mmenemo," anatero malume. "Akuti ndi dera la alimi. Lili m'mbali mwa nyanja. Akuti ukalumikiza zonse, wafika. Akuti ukawachezere."

Mayi uja analoza kumwamba. Analankhulanso.

"Akuti chiyani?" anafunsa Lena.

Malume anakanda mutu. "Akuti nyengo ino kwawo sikuda. Ngakhale usiku kumawala."

Lena anaganiza za Ababa. Dziko losada! Kumeneko ndiye koyenera Ababa.

Sitima inalira. Bambo wina anathamanga ndi chikwama.

"Tikiti m'manja!" anakuwa malume. "Munthu ndi tikiti yake! Tikiti siyenda yokha!"

Palibe amene anawamvera. Sitima inanyamuka.

Malume ataweruka anamuperekeza Lena kunyumba. Lena anakhutula kathumba pakhonde. Munali tizidutswa tambiri. Tina tobiriwira. Tina tofiira. Tina tamtundu wa thambo. Tonse tinali ndi mano okhotakhota.

Amayi anagwira m'chiuno.

"Chithunzi chosweka!" anatero. "Munthu wamkulu n'kupatsa mwana zinyalala? Bwera nazo kuno. Ndikolezera mbaula."

"Aikona, achemwali!" anatero malume. "Sichinasweke. Amachidula dala."

"Dala?"

"Dala. Ndi masewera."

"Agule chithunzi. Achiduledule. Kenako avutike kuchilumikiza?" Amayi anapukusa mutu. "Anthuwa alibe ntchito."

"Ndi zomwe ndikunena," anatero malume.

Lena sanamve zonsezo. Ankasankha tizidutswa. Anapeza kamodzi kachikasu. Kanali ndi timizere toyera. Kankaoneka ngati tikiti.

Lena anapita pachitseko cha Ababa. Anagwada. Analowetsa kachidutswa pansi pa chitseko.

"Ababa," anatero. "Tikupita ku Norway. Tikiti yanu ndi iyi."

M'chipinda munali zii.

Lena anadikira. Nsonga ya kachidutswa inkaonekabe. Kenako inasowa. Wina anakakoka mkati.

Ulendo unayamba. Lena anayala katoni pakhonde. Pakhonde ndi pamene panali kuwala. Ankayesa kachidutswa aka. Kankakana. Ankayesa kena. Kankakananso. Ankayesa kena. Kankalowa kuti khe!

Fumbi la malasha linkagwa tsiku lonse. Linkagwa pamadenga. Linkagwa pazochapa. Linkagwanso pa Norway. Lena ankaliuzira. Fuu! Fuu!

Poyamba kunatuluka msewu. Unali wopapatiza. M'mbali munali mitengo ya makungwa oyera.

Lena anathamangira pachitseko.

"Ababa, tatsika sitima! Tili pamsewu. Mitengo ya kuno ndi yoyera. Kulibe fumbi."

M'chipinda munali zii.

Mbale inalowa yodzaza. Inatuluka yodzaza.

Tsiku lina kunatuluka phiri. Pamwamba pake panali poyera mbee.

Amayi ankadutsa ndi ndowa. Anaima.

"Ndani wayanika ufa paphiri?" anafunsa.

"Ndi madzi oundana, achemwali," anatero malume. "Amagwa ngati mvula."

"Bodza. Ufa umenewo. Mbuzi zidya."

Lena anathamangira pachitseko.

"Ababa, taona phiri! Amayi akuti pali ufa. Malume akuti ndi madzi. Inu mukuti ndi chiyani?"

M'chipinda munali zii.

Kenako kunatuluka munda. Kunatuluka khola lalikulu lofiira. Kunatuluka ng'ombe zonenepa. Iliyonse inali ndi belu m'khosi. Kunatulukanso mitengo yozika pamzere. Pamitengo panali mawaya. Pamawaya panapachikidwa udzu.

Nthawi imeneyi Amayi anatula ndowa.

"Koma abale!" anatero. "Amachapa ndi udzu womwe?"

"Amauyanika," anatero malume. "Ndi chakudya cha ng'ombe."

"Ng'ombe zoziyanikira chakudya pawaya! Ine ndikayanika nsalu yoyera, ndimaanula yakuda." Amayi anawerama. Anatola kachidutswa. "Aka ndi mchira wa ng'ombe iyo. Sukuona?"

Kanalowa kuti khe!

"Si paja mumati mukolezera mbaula?" anatero malume.

"Khalani chete, Obedi."

Lena anathamangira pachitseko.

"Ababa, tafika kwa alimi! Ng'ombe zimavala mabelu. Udzu amauyanika ngati malaya. Bwerani muone."

M'chipinda munali zii. Kenako munamveka chifuwa. Chinali chifuwa chachitali.

Mbale inalowa yodzaza. Inatuluka yodzaza.

Amayi anaiyang'ana mbaleyo. Anapita nayo kuseri. Malume anawatsatira. Ankalankhula motsitsa mawu. Koma Lena anamva.

"Alamu anu akutha," anatero Amayi. "Mikono yatsala mafupa. Zikapitirira chonchi, tiika maliro."

Lena anabwerera pakhonde. Panatsala tizidutswa tamtundu wa thambo. Tinali tambirimbiri. Tina tinali thambo. Tina tinali nyanja. Tonse tinkafanana.

Anayesa aka. Kanakana. Anayesa kena. Kanakana. Anayesanso kena. Kanakananso. Misozi inagwera pakatoni. Lena anaipukuta msanga. Sanafune kunyowetsa Norway.

Sanapite kukasewera. Anzake anamuitana kuphada. Anakana. Ankangolumikiza. Pang'ono ndi pang'ono nyanja inadzaza. Inali yabata. Phiri linkaoneka m'madzi chadodolido. Panali kabwato kamodzi. M'kabwato munali anthu awiri. Sankawedza. Ankangokhala.

"Ababa, tafika panyanja! Pali bwato. Malo alipo."

M'chipinda munali zii.

Panatsala ngodya imodzi. Lena anailumikiza Lamulungu masana. Kunatuluka khoma la mitengo yakuda. Kunatuluka chitseko chotseka. Kunatuluka denga. Lena analiyang'anitsitsa. Silinali la malata. Silinali lofolera. Linali la dothi. Padothipo panamera udzu. Panameranso maluwa.

Tizidutswa tinatha. M'kathumba munalibe kanthu. Koma pakhoma la nyumbayo panatsala bowo.

Amayi anabwera. Anayang'ana. Anagwira pakamwa.

"Mayo!" anatero. "Nyumba yokwirira. Ngati manda."

"Ndi mmene amafolerera kumeneko," anatero malume. "Dothi limasunga kutentha. Onani utsi uwo. Ukutuluka pamwamba. Muli anthu."

"Muli anthu?" anafunsa Lena. "Pansi pa dothi?"

Malume anavula chipewa. Onse atatu ankaganiza chimodzimodzi.

"Lena," anatero Amayi. "Izi usawauze abambo ako. Wamva? Uwauze za ng'ombe. Uwauze za bwato. Izi ayi."

Lena anayang'ana nyumbayo. Inali ndi chitseko chotseka. Inalibe zenera. Inali ndi bowo lokha. Anaika chala m'bowomo. Anatsata m'mbali mwake. Kenako anakumbukira. Kachikasu. Ka timizere toyera.

Anaimirira.

"Iwe Lena!" anatero Amayi.

Koma Lena anali atafika kale pachitseko. Anagwada.

"Ababa," anatero. "Tafika kumapeto. Pakusowa kachidutswa kamodzi. Ndi tikiti yanu ija."

Munali zii. Kenako munamveka kukwawa. Kachidutswa kanatulukira pansi pa chitseko. Kanali katada. Kanali katafewa m'mbali. Ababa ankakagwira masiku onse aja.

Lena anakayang'ana. Akanatha kukatola. Chithunzi chikanatha. Koma Ababa akanatsala mkati.

Anakabweza ndi chala.

"Aikona, Ababa. Tikiti siyenda yokha."

Kachidutswa kanatulukanso. Lena anakabwezanso.

"Munthu ndi tikiti yake," anatero. "Funsani malume."

M'chipinda munali zii.

Amayi anali ataima kumbuyo kwa Lena. Ankapukusa mutu. Lena analankhulabe.

"Ababa, kuno kuli nyumba. Ili pansi pa dothi. Pamwamba pamera udzu. Mkati muli anthu. Chitseko ndi chotseka. Muli mdima."

Anasendera pafupi ndi chitseko.

"Alibe zenera, Ababa. Zenera lawo lili m'manja mwanu."

Amayi anatseka maso. Malume anafinya chipewa. Kutali sitima ya malasha inalira.

Kenako m'chipinda munamveka mawu. Anali okhakhala, ngati chitseko chadzimbiri.

"Muli anthu?"

"Muli anthu, Ababa. Utsi ukutuluka."

Bedi linalira. Mapazi anakhwekhwereza. Chitseko chinatseguka.

Ababa anali ataonda. Ndevu zinali zitakula. Anaphimba maso ndi mkono. Kuwala kunkawapweteka. Koma dzanja lina linali lofumbata.

"Ili kuti?" anafunsa.

Lena anawagwira chigongono. Anayenda nawo pang'onopang'ono. Anadutsa pabalaza. Anafika pakhomo. Pakhomo Ababa anaima. Dzuwa linali pakhonde ponse.

"Basopo, alamu, pali sitepe," anatero malume.

Ababa anaponda padzuwa. Anagwada pakatoni. Anayang'ana nyumba ya dothi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anafumbatula dzanja. Anayesa. Kanakana. Anakatembenuza. Anayesanso.

Khe!

Linali zenera. Linali lachikasu. Mkati munkayaka nyale. Nyumba yonse inaoneka yamoyo.

Ababa anayamba kulira. Analira mokweza. Sanabise nkhope. Amayi anagwada pambali pawo. Lena anawagwira malaya. Palibe amene anati tontholani.

"Sindinathe kumutsegulira Jose," anatero Ababa. "Tinakumba. Tinakumba. Sitinafike."

"Tikudziwa, bambo a Lena," anatero Amayi.

"Jose ankadana ndi mdima. Ankaimba kuti asaope. Ankaimba moipa."

"Moipa zedi," anatero malume. "Agalu ankathawa."

Ababa anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya. Anakhudza denga la dothi ndi chala. Anakhudza maluwa.

"Akanaikonda nyumba iyi," anatero. "Ili ndi zenera. Yayang'ana kunyanja."

Fumbi linagwera pazenera lija. Ababa anawerama. Fuu! Analiuzira.

Kenako anapukuta maso. Anayang'ana chithunzi chonse.

"Ndiye kuno ndi kuti?"

"Ku Norway, Ababa."

"Kuli ntchito yanji?"

"Sitinadzere ntchito. Tadzaona."

"Kungoona?"

"Kungoona."

"Osalembetsa kwa kapitawo?"

"Osalembetsa."

Ababa anapukusa mutu. "Ndayenda maulendo ambiri," anatero. "Wotere sindinayendepo. Chabwino. Ndionetse."

Lena anawaonetsa. Anayamba ndi msewu. Anawaonetsa mitengo yoyera. Anawaonetsa ng'ombe za mabelu. Anawaonetsa udzu wa pawaya. Anawaonetsa phiri.

"Awa si madzi," anatero Ababa. "Ndi ufa."

"Mwamva, Obedi?" anatero Amayi.

"Banja lonse ili ndi losaphunzira," anatero malume.

Amayi analowa m'nyumba. Anachotsa bulangeti pazenera la kuchipinda. Analikutumula. Anatsegula zenera. Kenako anabwera ndi tiyi. Anabweranso ndi mbale ya mbatata.

"Alendo amadya," anatero. "Ngakhale ongoona."

Ababa anatenga mbatata imodzi. Anadya. Anatenga ina. Anadya. Lena sanadye. Ankangoyang'ana mbale.

"Anthu a m'bwatowa ndani?" anafunsa Ababa.

"Uyu ndi inu. Uyu ndine."

"Nanga amako?"

"Akuanula udzu."

"Nanga ine?" anafunsa malume.

"Inu mwatsala kusiteshoni. Munalibe tikiti."

Onse anaseka. Anthu oyandikana nawo anasuzumira. Anamva kuseka kwa a Laiton. Anali atakuiwala.

Dzuwa linapendeka. Mthunzi unayamba kukwera pakhonde. Ababa anauyang'ana. Lena anachita mantha. Anawagwira dzanja.

"Lena, kuno ku Norway kumada nthawi yanji?"

"Nyengo ino sikuda, Ababa."

Ababa anasendeza mpando. Anautengera pamene panali dzuwa. Anamukhazika Lena pamwendo.

"Ndiye tisafulumire," anatero. "Tikhale kaye."

Amayi anatola mbale. Inabwera yodzaza. Inabwerera yopanda kanthu.